Galimoto Yakale ya m'Thengo: Ndalama Ziyambe Kupita Kuti?



Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za magalimoto aja olimba amene akoka ndi magudumu onse anai, monga Land Rover, Land Cruiser, Hilux ndi Pajero. Sindinena za atsopano onyezimira ai, koma akale, amene ayenda kale zaka 20 kapena 30 ndipo akali kugwira nchito tsiku ndi tsiku. Nkhaniyi ndaitengera ku boma la Chongwe, pakuti kumeneko anthu ambiri a mu Lusaka, ndi ena amene anapuma nchito ku migodi, anapezako malo olima. Munthu alandira ndalama zace za penshoni, agula munda, amanga nyumba, ndipo zotsalazo agulira galimoto yakale yoti idzimtengera matimati ku msika wa Soweto ndi kumbweretsera fetereza. Ndalama zotere zidza kamodzi kokha pa moyo wa munthu. Injini ikafa, palibe penshoni yaciwiri yogulira ina. Motero funso lathu ndi ili: munthu wa ndalama zocepa ayambe kukonza ciani pa galimoto yotere, ndipo asiye ciani?

Tiyambe taona mseu umene galimotoyo iyendamo. Tauni ya Chongwe iri pafupi-fupi makilomita 45 kum'mawa kwa Lusaka, pa mseu waukulu wa Great East Road. Pamenepo ndi pa tala, ndipo galimoto ithamanga pamodzi ndi mabasi a ku Chipata. Koma mukapatuka kulowa m'minda ya ku Kanakantapa, kapena ya kuseri kwa Chalimbana, tala itsala m'mbuyo. M'cilimwe mupeza pfumbi ndi timizere tija tonga malata timene tigwedeza galimoto mpaka mano kuwawa. M'dzinja, kuyambira November kufikira April, mupeza matope, madambo ndi timitsinje todzala. Galimoto imodzi yomweyo iyenera kupirira zonse ziwiri m'mawa umodzi. Ndipo tiwerengere pamodzi: wopita ku Lusaka ndi kubwerako ayenda makilomita 90 pa tsiku. Akatero masiku 6 pa mlungu ndiwo makilomita 540, ndipo pa caka afika 28,000. Nchito yotere si ya masewera kwa galimoto imene yakalamba kale.

Tsono munthu akagula galimoto yace, mtima umuuza kuti ayambe ndi zooneka: matayala akulu-akulu otambalala, nyale zinai pamwamba, citsulo colemera kutsogolo, ndi wailesi yogunda ngati ng'oma. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani pa malo oimika magalimoto m'tauni, muwerame pansi pa ena okongoletsedwa cotero, ndipo mudzaona madontho a oilo pa dothi. Langizo langa ndi lakuti ndalama ziyambe kupita ku zinthu zimene mnansi wanu sadzaziona konse, ndizo madzi oziziritsa injini, lamba wa m'kati, oilo, girisi ndi mabuleki. Zikatsala mugule matayala oyenera. Zokometsera zidze pambuyo, ndipo zambiri za izo zisadze nkomwe.

Mdani woyamba ndiye kutentha

Injini ya dizilo yakale ipirira zambiri, koma ikawira kamodzi kokha pa citunda, itanyamula katundu m'dzuwa la October, mutu wace ukhoza kupindika kapena kung'aluka. Eni ace a Hilux Surf ndi Prado za injini ya 1KZ-TE aidziwa bwino nkhaniyi, pakuti mutu wa injini imeneyo ndi wa aluminiyamu, ndipo ukapsa sucedwa kung'aluka. Ndalama za mutu watsopano pamodzi ndi malipiro a makanika zikadagula mapaipi onse a madzi, pampu ya madzi ndi ladiyeta, nkutsalako.

Cotero m'mawa, injini ikali yozizira, finyani paipi iri yonse ya mpira ndi dzanja. Ikakhala yofewa ngati nthoci yakupsa, kapena youma ndi timing'alu, icotseni lero lomwe. Kacitseko ka pakamwa pa ladiyeta ndi kanthu kocepa mtengo, koma nchito yace ndi yaikulu: kasunga mphamvu m'katimo kuti madzi asawire msanga. Kuno kwathu dziko lakwera kupyola mamita 1,000 pamwamba pa nyanja, ndipo pa malo okwera cotere madzi awira msanga koposa ku gombe. Kacitseko kotha mpira kataya madzi pang'ono-pang'ono mwini wace osadziwa.

Nanga muthiramo madzi otani? Amai a mu Lusaka adziwa zoyera zija zimene zikanirira m'ketulo. Madzi a m'zitsime zambiri za mu Lusaka ndi madera oyandikana nao adutsa m'miyala ya laimu, ndipo cimene acita m'ketulo acitanso m'timapaipi ta ladiyeta, timene tiri topyapyala koposa bango. Thirani madzi oyera aja a batire, kapena a mvula osefedwa bwino, osakaniza ndi mankhwala aja obiriwira kapena ofiira amene achinjiriza dzimbiri. Ena ati mankhwalawo ndi a ku maiko a cisanu. Si cotero ai. Kuno nchito yao ndiyo kuletsa dzimbiri kudya injini m'kati ndi kucedwetsa kuwira.

Pali mwambo wina umene ndifuna kuutsutsa poyera. Galimoto ikayamba kutentha, amakanika ena a pansi pa mtengo acotsa kacipangizo kochedwa thermostat ndi kukataya, nati dziko lathu ndi lotentha kale. Thermostat ndiye mlonda wa pa njira ya madzi: atseka injini ikali yozizira kuti ifunde msanga, natsegula ikafunda. Mukamcotsa, injini iyenda yozizira m'mawa wa June, imwa dizilo wambiri, ndipo mapisitoni adyeka msanga. Pa injini zina mlondayo atsekanso njira yacidule, ndipo iye akacoka madzi azungulira m'njira yaciduleyo osadutsa mu ladiyeta, kutentha nkukulirakulira. Akafa, gulani wina, koma musamtaye.

Mvula ikatha, udzu wa m'misewu ya kuminda ukhala wautali ndipo mbeu zace zidzala m'maso a ladiyeta. Kaneti ka waya konga ka pa mazenera, komangidwa kutsogolo ndi kukutumulidwa madzulo ali onse, kathetsa bvutoli pa mtengo wocepa zedi. Muyang'anenso pansi, pakuti udzu wouma wokulungika pa paipi ya utsi watentha magalimoto ambiri m'thengo. Ndipo ngati mufuna kuonjezapo cipangizo cimodzi catsopano, ikani kabelu kamene kalira madzi akacepa. Cifukwa cace ndi ici: singano ya kutentha iyesa madzi, ndipo paipi ikaphulika madzi onse nkutayika, singanoyo ilibenso coyesa, nkungokhala cete pamene injini iri kupsa. Kunena za kutsegula ladiyeta yotentha, ndikhulupira palibe wa inu amene afuna kuonana ndi dotolo nkhope itasupuka.

Lamba wosaoneka

Injini zambiri za dizilo zimene tiri kukamba ziri ndi lamba wa mano wobisika kutsogolo, amene amakanika amucha lamba wa taimingi. Iye ndiye agwirizanitsa mavalavu ndi mapisitoni kuti zisagundane. Muli naye mu Hilux za injini ya 3L ndi 5L, mu Land Cruiser ya 1HZ, mu Pajero ya 4D56 ndi mu Land Rover ya 200Tdi ndi 300Tdi. Lambayu sadwala, angofa. Akaduka pa liwiro, mapisitoni amenya mavalavu, zitsulo zipindika kapena kuthyoka, ndipo ulendo uthera pomwepo. Pa injini ya 3L a Toyota anati asinthidwe pa makilomita 100,000, ndipo anaika kanyale kolembedwa T-BELT kokumbutsa woyendetsa. Koma galimoto imene yadutsa m'manja mwa anthu anai, ndani adziwa tsiku limene lambayo anasinthidwa? Kanyaleko munthu akhoza kukazima osasintha kanthu. Musakhulupire mau a wogulitsa pa nkhani iyi. Mlungu woyamba mutagula galimoto, sinthani lamba pamodzi ndi kagudumu komukoka, ndi kulemba makilomita ace m'kabuku. Zengerezu analinda kwaukwau.

Za oilo sindidzacedwapo, pakuti nonse mwamva kale. Pa mseu wa pfumbi musinthe oilo ndi sefa yace pa makilomita 5,000, ndipo wa 15W-40 akwanira injini zakalezi. Koma kumbukirani kuwerengera kwathu kuja: woyenda makilomita 540 pa mlungu afika 5,000 pa milungu 9 yokha. Amene asintha oilo kawiri pa caka, pa Pasaka ndi pa Khirisimasi, adzinyenga yekha. Oilo wakuda wotsala musathire pafupi ndi citsime kapena mtsinje. Anthu a m'tauni ya Chongwe amwa madzi a mtsinje wa Chongwe, umene m'zaka za cilala waphwa kale, ndipo sufunikanso kuuonjezera cina.

Sefa ya mpweya ndiyo mphuno ya injini. Pfumbi la mseu ndi mcenga wosalala, ndipo likalowa lipala zitsulo ngati tupa. Sefa ya pepala muigogode pang'ono pa dzanja mlungu uli wonse, koma musaiuzire ndi mphepo yamphamvu ya pa malo omwetsera mafuta, pakuti ibooka timabowo tosaoneka. Ikada kwambiri gulani ina. Land Rover zakale za Series ziri ndi sefa ya mtundu wina, ya mphika wokhala ndi oilo pansi. Imeneyo ingofuna kutsukidwa ndi kuthiridwa oilo watsopano kufikira pa mzere wace, ndipo siitha.

Dizilo nayenso wasintha. Kuyambira mu 2023 paipi ya TAZAMA, imene inayamba nchito mu 1968 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, itenga dizilo woyengeka kale wa salufa wocepa, m'malo mwa mafuta osayenga amene kale anali kupita ku Indeni. Dizilo wotere ndi wabwino kwa injini ndi kwa mapapu athu, koma mipira yakale ya m'pampu ya dizilo nthawi zina iyamba kudontha ikakomana naye. Mukaona pampu yanyowa, pitani nayo kwa odziwa mapampu isanaipe. Coopsa ceni-ceni ndiye dizilo wa m'zigubu ndi m'migolo ya pa famu, amene kawiri-kawiri ali ndi madzi ndi zinyalala. Pansi pa sefa ya dizilo pali kampopi kotulutsira madzi. Katsegulidwe mwezi uli wonse. Ndipo wogwiritsa dizilo wa m'migolo acita bwino kuika sefa yaciwiri patsogolo pa yoyamba. Ici ndi cimodzi ca zoonjezera zocepa zimene zibweza ndalama zace.

Madzi m'maekiselo

Tsopano tilowe pansi pa galimoto. Ekiselo, ndico citsulo cija cogwira magudumu awiri cimene pakati pace pali cibumu ca difu, itentha ikayenda pa tala. Mukapatuka ndi kulowa nayo m'madzi ozizira a pa dambo, mpweya wa m'kati ufota, ndipo ekiselo iyamwa madzi kudzera pa kabowo kace kopumira kapena pa mipira ya m'mbali. Oilo wosakanizika ndi madzi asanduka woyera ngati tiyi wa mkaka, ndipo sachinjirizanso mano a difu ndi mabeyaringi. Mwini wace samva kanthu mpaka mwezi wa May, pamene difu iyamba kulira ngati fisi. Mankhwala ace ndi ocepa mtengo koposa onse: gulani mamita awiri kapena atatu a paipi ya mpira ya mafuta, muilumikize pa kabowo kopumirako, ndi kukweza nsonga yace kufikira pamwamba m'cipinda ca injini, itaweramira pansi. Musiyeko paipi yolendewera pang'ono kuti isaduke ekiselo ikatsika. Ndipo mukaoloka madzi ofika pakati pa gudumu, masulani bauti yothirira oilo tsiku lotsatira, mulowetse cala, muone mtundu wace.

Pampu ya girisi ikhale cuma ca munthu ali yense wa galimoto yotere. Pa propshaft, citsulo cozungulira cimene citenga mphamvu kucokera ku giyabokisi kupita ku difu, pali tinsonga tolandira girisi, ndipo tina tiri pa zitsulo za ciongolero. Pukutani kansonga, pompani kufikira girisi watsopano aonekera, ndipo citani cotero posintha oilo ndiponso mutayenda m'madzi. Muli pansi pomwepo, gwirani sipanala muyese mabauti ogwira masipulingi ku ekiselo, pakuti mseu wa malata uwamasula. Mabushi a mpira a m'masipulingi ndi m'mashoki sadula, ndipo galimoto imene inali kuyenda ngati yoledzera kawiri-kawiri icira ndi iwo okha.

Inu a Land Rover mumvetse apa. Galimoto yanu inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu 1948, nkhondo itangotha, pamene citsulo cinali cosowa ku England, ndipo cifukwa ca ico thupi lace analipanga ndi aluminiyamu. Thupilo silicita dzimbiri lofiira, motero galimoto ioneka yamoyo kunja. Koma mafupa ace a pansi, amene achedwa chassis, ndi a citsulo wamba, ndipo matope okhala m'katimo dzinja lonse awadya mwakacete-cete. Tengani nyundo yaing'ono mugogode, makamaka kumbuyo ndi pamene pagwira masipulingi. Citsulo camoyo cilira, cobvunda cingoti phu. Tsukani matope pansi kawiri-kawiri. Ndipo inu nonse onyamula fetereza, sesani ndi kutsuka m'mbuyo tsiku lomwelo, pakuti fetereza wonyowa adya citsulo.

Mau amodzi kwa inu a ku migodi, ngakhale mudziwa kale. Pansi pa nthaka simulowa pamalo pamene denga silinacirikizidwe. Galimoto yoima pa jeke yokha ndi denga losacirikiza. Ikani zitsulo zoimikira kapena zipika zolimba za mtengo, osati njerwa, ndi kutsekera magudumu ndi miyala, musanalowetse mutu wanu pansi.

Matayala ndi katundu

Amene anapanga magalimotowa anawapatsa matayala atali ndi opyapyala, monga 7.50R16, ndipo sanali opusa. Tayala lotere liboola matope ndi kupeza nthaka yolimba pansi, ndipo lipezeka m'masitolo ambiri. Tayala lalikulu lotambalala lilemetsa mabeyaringi ndi ciongolero, lifooketsa mabuleki, licititsa singano ya liwiro kunama, ndiponso limwetsa dizilo. Tiyerekeze kuti lionjeza lita imodzi yokha pa makilomita 100: pa makilomita athu aja 28,000 ndiwo malita 280 pa caka, olipira kukongola cabe. Funani matayala olembedwa LT, a mbali zolimba, oyenda pa tala ndi pa dothi pomwe, ndipo onse anai akhale a msinkhu umodzi. Matayala osiyana msinkhu alimbanitsa ekiselo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo.

Ndidziwa kuti ambiri agula matayala a salaula, ndipo sindiwadzudzula, pakuti thumba ndilo lilamula. Koma phunzirani kuwerenga zaka za tayala. M'mbali mwace, pambuyo pa malemba akuti DOT, pali manambala anai otsiriza. Awiri oyamba ndi mlungu, awiri enawo ndi caka. Tayala lolembedwa 2319 linapangidwa mlungu wa 23 m'caka ca 2019. Mpira ukalamba ngakhale mano ace akali atali, ndipo tayala lokalamba liphulika pa tala yotentha, osati m'munda pamene muyenda pang'ono. Kayesero ka mpweya ndi kapampu kolumikiza ku batire ndi zogula zanzeru. Pa mcenga ndi pa mseu wa malata mucepetseko mpweya pang'ono, koma mukafika pa tala mupompenso musanathamange.

Za katundu tinene zoona. Thumba la cimanga kapena la fetereza lilemera makilogalamu 50. Matumba 20 ndiyo tani yathunthu, ndipo Hilux yonyamula katundu ithera pafupi-fupi pamenepo, kuwerengera ndi anthu okweramo omwe. Pajero ndi Surf zinyamula zocepa koposa apo. Ena aonjeza masipulingi awiri kumbuyo nayesa kuti tsopano ali ndi lole. Masipulingi alimba ndithu, koma mabuleki, mabeyaringi ndi chassis ziri zomwe zija. Maulendo awiri a dizilo ndi ocepa mtengo koposa ekiselo imodzi yothyoka. Katundu wolemera asakwere pa denga, ndipo kukweza galimoto ndi zipika kuti italike kuicititsa kugubuduzika msanga pa ngodya.

Mabuleki sindiwaika potsiriza cifukwa ca kucepa kwao. Mafuta a mabuleki ayamwa cinyezi ca mumpweya, ndipo mafuta a madzi awira pa citsikiro cacitali, phazi nkungofika pansi popanda kanthu. Amene apitirira kum'mawa kupyola Rufunsa, kutsika mapiri a Manenekela kunka ku mlatho wa Luangwa, aganize za ici asananyamuke. Sinthani mafutawo zaka ziwiri ziri zonse, ndipo potsika gwiritsani giya yaing'ono. Dzinja likatha gulutsani magudumu a kumbuyo mucotse matope ouma m'mabuleki. Mukakweza gudumu la kutsogolo, ligwedezeni ndi manja awiri. Likagogoda, beyaringi kapena mfundo ya ciongolero yatha, ndipo imeneyo si nchito ya mwezi wamawa.

Magetsi a galimoto yakale ambiri adwala matenda a litsiro cabe. Batire limangidwe zolimba pa mpando wace, cifukwa lolumpha-lumpha pa mseu wa malata silitha caka. Mitu yace itsukidwe ndi madzi ofunda a soda ndi kupakidwa Vaseline. Nyale zikakhala zofiira ngati koloboyi, musathamangire kugula zina za pa denga. Kawiri-kawiri mawaya akale ndi masiwici ndiwo adya mphamvu m'njira, ndipo wodziwa magetsi akaika tizipangizo tiwiri tochedwa relay, totenga moto molunjika ku batire, nyale zomwezo ziwala ngati zatsopano. Fyuzi ikapsa ilowedwe m'malo ndi fyuzi inzace, osati ndi waya kapena pepala la ndudu.

Palinso cosamalira cimene sicifuna ngakhale ngwee imodzi, ndico kudziwa kagwiritsidwe ka magudumu anai. Hilux, Land Cruiser ya 70 ndi Land Rover ya Series zikhale pa magudumu awiri mukakhala pa tala. Mukaiwala ndodo pa H4, magudumu a kutsogolo ndi a kumbuyo akokana pa ngodya iri yonse, matayala adyeka, ndipo potsiriza cina cithyoka m'kati. Defender ikoka ndi onse anai masiku onse, koma loko yace ya pakati imasulidwe pa mseu wouma. Komanso m'cilimwe musaleke ekiselo ya kutsogolo kugona miyezi 6. Kamodzi pa mwezi tsekani mahabu ndi kuyenda makilomita owerengeka pa dothi, kuti oilo azungulire. Ndipo lowetsani magudumu anai musanalowe m'matope, osati mutatitimira kale.

Nanga winch, cija cokokera ca magetsi? Kwa mlimi wa ku Chongwe, amene sakhala kutali ndi thirakita kapena ng'ombe za mnzace, fosholo, khasu, thabwa lolimba loikapo jeke ndi cingwe cabwino zikwanira. Koma cingweco musacikolowetse pa kampira kacitsulo kokokera ngolo kumbuyo. Kakathyoka kauluka ngati cipolopolo, ndipo kapha anthu m'maiko ambiri. Mangani pa mbedza yomangidwa ku chassis, ndipo ana ndi oonerera aime patali. Snorkel, paipi ija yokwera m'mbali mwa galasi, ithandizako pa pfumbi ngati yaikidwa bwino, koma siisandutsa galimoto bwato.

Pogula zipangizo musangonena kuti mufuna za Hilux. Pa kambale ka citsulo m'cipinda ca injini pali malemba onga LN106, KZN185 kapena HZJ75, pamodzi ndi nambala ya chassis. Lembani zimenezo, ndi kutenga cipangizo cakale m'manja kuti mucifanizire. Zabodza zoikidwa m'mabokosi okongola ziripo zambiri. Galasi, citseko, nyale, ngakhale giyabokisi, mungathe kugula zogwirapo kale nchito. Koma lamba wa taimingi, zipangizo za mabuleki, mfundo za ciongolero ndi masefa zikhale zatsopano ndi zeni-zeni. Makanika mukhale naye mmodzi woidziwa galimoto yanu, muime naye pamene agwira nchito, ndipo akubwezereni zakale zimene wacotsa.

Ndalama zokonzera zicoke pa ulendo uli wonse wa ku msika, monga momwe mupatulira za dizilo ndi za pa geti yolipirira ya pa Great East Road. Musaiwalenso mapepala. A RTSA afuna galimoto ikhale ndi msonkho wa mseu, inshuwaransi ndi ciphaso cosonyeza kuti yayesedwa, ndipo m'galimoto mukhale zizindikiro ziwiri za ngodya zitatu zoika pa mseu ikafa.

Nthawi yabwino ya nchito zazikulu ndi pamene mitambo iyamba kusonkhana. Caka ciri conse, mvula isanagwe, Asoli a kwa Mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II acita mwambo wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukoka mitambo, kupempha mvula ndi kudalitsa mbeu. Walira mvula walira matope. Mukamva kuti mwambowo wayandikira, kwezani mapaipi opumira, sinthani oilo wa madifu, ikani mipira yatsopano yopukutira galasi, ndi kusamutsira matayala a mano atali kumbuyo. Pa Land Rover ya Tdi funani timabauti tija tiwiri totsekera pansi pa nyumba ya kilaci ndi ya lamba. Mutseke nato pooloka madzi, ndi kutimasulanso mukafika pouma kuti oilo wodontha apeze potulukira.